Dzina Langa Linkagona ku Nyimba Popanda Ine

Ine ndine Gideon Njobvu wa ku Msanzala. Zaka ziwiri zathunthu ndinakhala ndikudziphikira ndekha m'kanyumba kakuseri kwa mlongo wanga, chifukwa cha wigi imene sindinaionepo pamutu pa munthu.

Wigiyo inabwera pa kanta, kalole konyamula anthu ndi katundu, itakulungidwa m'pepala, pamwamba atalemba dzina langa ndi mudzi. Kondakitala anaipereka kwa mkazi wanga Dainess ine ndili kumunda wa thonje. M'phukusimo munalinso nsapato zofiira zazitali kuchidendene, ndi kakalata kakuti: "ANjobvu, amai anaiwala izi pansi pa bedi. Mudzabwerenso ku Nyimba, chipinda chanu chilipo." Dainess sanavalepo wigi chibadwire, ndipo phazi lake silingalowe m'nsapato yotero ngakhale mutalipaka mafuta ophikira. Ku Nyimba sanagonekopo. Inenso ndinali ndisanagoneko, koma akanandikhulupirira ndani? Mowa ndimamwa, sindibisa. Pamudzi munthu ukangodziwika ndi mowa, tchimo lililonse losowa mwini amadzalitula pakhomo pako.

Kwathu mwamuna amakhala kumudzi kwa mkazi, choncho mlandu anaweruza ndi mlongo wake wa Dainess, Josphat Daka, amene anali nkhoswe yathu. Mlamu wangayu ndi mkulu wa mpingo, mpingo wake wosalola mowa, fodya kapena gule. Wigi ija anainyamula ndi kamtengo ngati khoswe wakufa, n'kuizungulitsa kuti aliyense aione. Mkazi wake Sophia, amene amatsogolera amai a mpingo, analira kuposa Dainess mwini. Anandiuza kuti ndigwade ndipepese, nkhani ithe. Ndinati sindingapepese chinthu chimene sindinachite, ndipo ndinawonjezapo mawu ena okhudza banja lawo lonse amene sindingawalembe pano. Madzulo ake ndinamangirira khasu ndi bulangete panjinga.

Mlongo wanga ankati ndipite ku Nyimba ndikafufuze. Ndinkamufunsa kuti kodi ndine wapolisi? Kalatayo sinatchule dzina la malo, ndipo mabala okhala ndi zipinda ku Nyimba ndi ambiri. Koma ndikanena kuti Dainess sindinamusowe, ndanama. Tinakhala limodzi zaka makumi atatu ndi zinayi. Nyumba imene ankagonamo yekhayo njerwa zake ndinaumba ndi manja awa. Ndinkafuna kubwerera kwa mkazi wanga, koma kulowera pakhomo nditaimirira, osati chokwawa.

Mwezi wa Ogasiti chaka chino msuweni wanga anamwalira ku Ndake. Titaika maliro ndinafika pa Nyimba Lachisanu masana, n'kupeza kanta yopita ku Petauke yadzaza nthochi mpaka pamwamba, ndipo dalaivala anati anthu adzawatenga mawa m'mawa. Amai ena ogulitsa nthochi pamsewu anandilozera malo akuseri kwa msika, anati kumeneko ngakhale nkhalamba ya jekete long'ambika amailandira. Sindinawathokoze chifukwa cha jeketelo.

Kutsogolo kunali bala ya malata adzimbiri, mabenchi ndi sipika yaikulu ngati nkhokwe yaing'ono. Ukadutsa pakachipata umalowa pabwalo losesedwa bwino, pakati mtengo wa mango, pambali mgolo wa madzi uli pamafuwa, ndi zitseko zisanu ndi chimodzi zopakidwa utoto wobiriwira. Mwini wake anali amai Miti, mzimayi wamtali wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anatulutsa buku lalikulu n'kundipatsa bolopeni yomangidwanso ndi ulusi. Ndinaona kuti amaiwa nawonso sakhulupirira anthu, ndipo ndinayamba kuwalemekeza.

Sukulu ndinalekera giredi folo, koma dzina langa ndimalemba bwino. Ndinalemba pang'onopang'ono: Gideon Njobvu, Msanzala.

Amai Miti anatembenuza buku, anawerenga, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, dzina la eni ake musasewele nalo."

"Eni ake ndani?"

"ANjobvu a ku Msanzala timawadziwa kuno. Onenepa, adazi, oseka ngati galimoto yokana kulila. Inu mwauma ngati chimanga cha chaka chatha. Leji yanu ili kuti?"

Reji yanga, chiphaso cha boma chija, ndinali nditaisiya kunyumba, nditaibisa m'denga, chifukwa pamaliro pamabwera akuba. Ndinawauza zimenezo. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Onse amene amabwela ndi dzina lobweleka leji amaisiya m'denga. Koma inu mwasankha tsiku loipa. ANjobvu amabwela Lachisanu lomaliza la mwezi, ndipo ndi lelo. Chipinda chawo nambala folo ndachikolopa kale. Amabwela ndi akazi awo, amai Dainess."

Ndinagwira m'mbali mwa tebulo. Kenako ndinaseka pang'ono ngati munthu wogwidwa bodza laling'ono.

"Amai Dainess amenewo," ndinatero, "si aja anaiwala wigi chaka chijachi?"

"Mwaidziwa bwanji? Ndi omwewo. Ine pano sindisunga cha munthu, bambo. Mlendo akaiwala kanthu, ngakhale chipeso, ndimatumiza komwe analemba m'bukumu. Ndimo ndimagwilila nchito."

"Anakuthokozani?"

"Anangoti tsiku lina ndisavutike, azidzatenga okha. Anthu odzichepetsa. Tsono inu lembani dzina lanu lenileni, apo ayi mukagone pa siteshoni."

Anafufuta dzina langa ndi mzere umodzi, ine ndikuona. Ndinati dzanja likunjenjemera ndi ulendo, ndilemba ndikasamba. Anandiyang'ananso jekete, kenako anandipatsa kiyi wa nambala faifi.

Chipindacho chinali ndi bedi lachitsulo, bulangete lotuwa, kandulo pa sosala, ndi msomali wopachikapo zovala. Ndinatembenuza matiresi, ndinasuzumira pansi pa bedi, ndinayesa loko katatu. Khoma lopatula chipinda changa ndi nambala folo silinafike kudenga, linasiya mpata woti mphaka n'kudutsa. Ndinakhala pabedi ndi nsapato zanga kumapazi, ndikudikira munthu amene ankagona m'dzina langa.

Cha m'ma folo ndinamva amai Miti akufuula pabwalo: "ANjobvu afika! Amai Dainess, mwayenda bwanji?" Kiyi analira pachitseko choyandikana nane. Wina anakhala pabedi, zitsulo zinadandaula. Kenako kunamveka kutsokomola. Kutsokomola kumeneko ndinakudziwa. Ndi kuja kumene munthu amayamba nako asanatsegule pemphero lalitali.

"Amake Luckson," anatero mawu a Josphat Daka, "tayi iyi ikanandipha. Tulutsa malaya aja amaluwa."

"Dikilani ndimasule duku," anayankha Sophia. "Lelo miyendo ikuyabwa. Mwezi uno watalika."

Mwezi uliwonse awiriwa ankatsanzika pamudzi kuti akupita ku Nyimba ku msonkhano wa atsogoleri a mpingo. Dainess ankawakazingira nshawa zodya panjira. Ine ndinkawabwereka pampu ya njinga.

Atatuluka ndinasuzumira pampata wa chitseko. Mlamu wanga anali m'malaya a maluwa achikasu, mabatani atatu osamanga, mimba ikutsogola. Sophia anali ndi wigi yatsopano yofika m'mapewa ndi milomo yofiira ngati wadya nyama yaiwisi. Ankagwirana manja. M'mudzi sindinawaonepo akuyenda ngakhale moyandikana.

Poyamba ndinafuna kutuluka ndi kumugwira pakhosi. Koma ndinaganiza bwino. Ndikafuula pano, mawa kumudzi adzakana, ndipo pakati pa mkulu wa mpingo ndi Gideon wamowa, Dainess adzamvera mlongo wake. Kafoni kanga n'kongoyimbira ndi kuwunikira, sikajambula. Amai Miti sangasiye bala yawo kukandichitira umboni, ndiponso kwa iwo wabodza ndinali ine. Chimene chikanandibwezera kunyumba chinali pakamwa pa Josphat yekha. Ndinayenera kupeza njira yoti pakamwapo patseguke.

Ndinasamba, ndinapesa tsitsi ndi zala, ndinapita kwa amai Miti.

"Dzanja lakhala bwino," ndinatero. "Ndipatseni buku."

Ndinalemba ndi zilembo zazikulu: Josphat Daka, mkulu wa mpingo, Msanzala.

"Ahaa," anatero amai Miti. "Ndiye chifukwa chake mumabisa. Musachite manyazi, aDaka. Akulu a mpingo ambili amagona pano. Ena ndimawapatsila mowa m'kapu ya tiyi."

"Ine wanga mundipatse m'chigubu, aliyense aone."

Dzuwa likulowa sipika inayamba nyimbo za kalindula. M'bala munali madalaivala, amai a nthochi amene anali atatseka malonda, ndi anthu obwera kudzagulitsa thonje. Pakati pa onsewo panali mlamu wanga, mawondo atapinda, botolo lili chilili padazi osagwa, chiuno chikuzungulira ngati chigayo. Sophia ankamuzungulira akukupiza mpango. Anthu ankawomba m'manja: "Njobvu! Njobvu! Njobvu!"

Ine mwini dzina palibe anandiwomberapo m'manja chibadwire. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ankavina bwino.

Nyimbo itatha amai Miti anandikoka dzanja.

"ANjobvu, lelo kuli mnzanu wakwanu. Awa ndi aDaka a ku Msanzala, mkulu wa mpingo. Mukudziwana?"

Botolo linatsetsereka padazi, Josphat analiwakha pamimba. Sophia anagwira wigi ndi manja awiri ngati kukubwera kamvuluvulu.

"ANjobvu!" ndinatero, n'kumugwira dzanja mwamphamvu. "Kudziwana timadziwana pang'ono. Mbili yanu ndiyo ndimaimva kwambili. Ati ku Nyimba kulibe wovina ngati inu. Ndipo awa ndiwo amai Dainess? Kumudzi mumaoneka ena, amai. Mwina ndi mphepo ya kuno."

"Mwa... mwaswela bwanji, aDaka," anatero Josphat. Dzina lake lomwe linamutsamwitsa.

Ndinakhala pabenchi lawo, pakati pa awiriwo, chigubu cha chibuku pamiyendo. Ndinamwa mokweza chigongono kuti a kumbuyo aone. Dalaivala wina wa ndevu amene anali pafupi anasendera.

"Pepani bambo, ndamva kuti ndinu aDaka a ku Msanzala? Si inu mudzalalikila pa msonkhano waukulu wa Seputembala kuno? Akazi anga amapemphela mpingo umenewo. Dzina lanu lili papepala pakhomo la chalichi."

Sindinkadziwa za msonkhanowo. Ndinaona mlamu wanga akuika botolo pansi osamwako, ndipo ndinadziwa kuti Mulungu sanandiiwale.

"Ndine amene," ndinatero. "Mukawauze amai kuti mwandiona. Ndikukonzekela ulaliki. Mutu wake ndi kuipa kwa mowa, tsono ndati ndiyambe ndaufufuza bwinobwino."

Bala yonse inaseka. Dalaivala anandigulira chigubu china, ati pofuna kuthandiza ntchito ya mpingo.

"Alamu," Josphat ananong'ona m'khutu mwanga, "chonde."

"Alamu ndani? Ine ndine Daka. Imwani mowa wanu, aNjobvu, inu ndinu omasuka. Munthu ngati inu alibe ulemu woti ataye."

Nyimbo ina inayamba. Ine kuvina sindidziwa, ndipo bondo lamanzere linafa kale, koma tsiku limenelo ndinaimirira. Ndinavula jekete n'kulizunguza m'mwamba. Ndinagwada, ndinadzuka mogwira benchi, ndinagwedeza zimene ndinakwanitsa kugwedeza. Amai wina wa nthochi wonenepa anabwera kutsogolo kwanga, tinagundana mimba. Anthu anasintha nyimbo yawo: "Daka! Daka! Mkulu wa mpingo!" Ena anatuluka kukaitana anzawo pamsewu kuti adzaone.

Ndinatambasulira dzanja Sophia. "Amai Dainess, tiyeni. ANjobvu sachita nsanje."

"Awa musawayambe, aDaka," anafuula amai Miti ali kuseri kwa kauntala. "Akatenthedwa amakwela patebulo. Miyendo iwili ya tebulo ilo ndakhomelanso chifukwa cha iwowa!"

Mawu amenewo ndinawasunga bwino. Sophia anati mutu ukumupweteka, anathawira kuchipinda nsapato zili m'manja. Josphat anakhalabe, chifukwa ankaopa zimene ndinganene iye atachoka. Anakhala ngati munthu wodikira jakisoni, akuona dzina lake likugwa pansi ndi kudzuka, likupempha fodya kwa madalaivala, likuimba nyimbo ya m'buku la mpingo pa ng'oma ya kalindula. Nditatopa ndinadalitsa anthu onse ndi dzanja, n'kupita kukagona nthawi idakalipo. Bedi ndinalikankhira kuchitseko, nsapato ndinaika pansi pa pilo, ndipo ndinagona tulo timene ndinali ndisanagone zaka ziwiri.

Amai Miti chipata amatsegula sikisi koloko, osati isanakwane, kuopa alendo ochoka ndi mabulangete. N'chifukwa chake m'mawa ndinawapeza awiri aja ataima pansi pa mango ndi chikwama chawo, tayi ili pakhosi, duku lili kumutu, akuyang'ana loko. Ine ndinatenga ndowa, ndinatunga madzi otentha mumgolo, ndinakhala pachitsa n'kuviika mapazi.

"Mwauka bwanji, aNjobvu? Msonkhano wa atsogoleli watha kale?"

Josphat anayang'ana uku ndi uku, anabwera kudzanjuta pafupi ndi ndowa yanga. Sophia anatsalira kumtengo.

"Alamu, tamvelani. Sitinafune kukulakwilani."

"Ndikumva."

"Ine ndi amake Luckson tinakumana pagule tili achinyamata. Mpingo unabwela pambuyo. Zaka zonsezi kumudzi sitingathe ngakhale kugwedeza phazi, anthu amayang'ana. Tsiku loyamba pano amai aja anatulutsa buku, ine mantha. Ndinaganiza kuti dzina la munthu womwa kale silingadabwitse aliyense. Linangobwela lanu."

"Linangobwela. Nanga la mlongo wanu linabwela ndi basi yomweyo?"

"Anafunsa dzina la amai. Ndikanati chiyani?"

"Nanga tsiku lija munanyamula wigi ndi kamtengo?"

Anapukuta dazi ndi mpango. "Tinkayesa kuti mupepesa, nkhani n'kutha tsiku lomwelo. Mwamuna aliyense amapepesa, alamu, walakwa kapena sanalakwe. Ndani ankadziwa kuti inu muyamba kutukwana mpaka agogo athu akumanda?"

"Ine ndinalila zoona tsiku lija," anatero Sophia ali kumtengo. "Musaganize kuti ndinkanamizila."

"Ndikudziwa, amake Luckson. Munkalila wigi yanu. Dainess anaiponya pamoto."

Josphat anasendera pafupi. Anati ali ndi nzeru. Akauza Dainess kuti wafufuza, wapeza kuti kuli Gideon Njobvu wina wa ku Minga, ndipo kondakitala anasokoneza phukusi. Ine ndibwerera kunyumba, iye ulemu wake ukhala, aliyense apuma.

Ndinaganizira, chifukwa inali nzeru yabwino ndithu. Koma ndinaona kuti ndikalola, wondibweza kunyumba adzakhala iye, ndipo Dainess adzamuphera nkhuku pomuthokoza. Ndiponso munthu amene wakunamizira kamodzi, bodza lachiwiri amalisunga m'thumba kuti adzakumangire nalo.

"Iyayi," ndinatero. "Tikwela kanta imodzi. Mukaima pamaso pa mlongo wanu, munena zonse ndi pakamwa panu, kuyambila buku mpaka tebulo. Mukakana, ine malo ano ndawakonda. Ndizibwela mwezi uliwonse ngati aDaka. Seputembala ndidzafika Lachisanu, ndidzavina mpaka Loweluka, ndipo Lamulungu ndidzakhala kutsogolo m'chalichi pafupi ndi akazi a dalaivala uja."

"Mpingo ukamva andichotsa."

"Ine mpingo ndilibe nawo mawu. Ndikufuna Dainess amve. Zotsalazo mukagwilizane ndi mlongo wanu."

Amai Miti anabwera ndi makiyi. "ANjobvu, mwafulumila bwanji lelo? Tiyi simumwa? ADaka, inu ndiye mwatisangalatsa. Mudzabwelenso."

"Zili kwa aNjobvu," ndinatero.

Pa kanta tinakhala pamwamba pa nthochi mpaka pa Petauke. Pamenepo Josphat anati akufuna kukaona munthu wina kumsika, ndinapita naye. Anati akufuna kuchimbudzi, ndinaima pakhomo. Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka.

Dainess anali pakhonde akusenda nshawa m'lichero. Anali atachepa thupi pang'ono. Denga la khitchini linali litagwa mbali imodzi, ndipo palibe amene analikonza. Ataona ine pakati pa mlongo wake ndi mlamu wake, manja anaima.

"Achimwene, munthu uyu mwamutola kuti?"

Josphat anatsokomola. Ndinamuuza kuti si pemphero, ayambe. Anayamba kutali, za unyamata ndi za kufooka kwa thupi, koma ndinkamubweza pamsewu. Ananena za buku. Ananena za chipinda nambala folo. Ananena kuti wigi ndi nsapato zinali za Sophia. Dainess ankangomvera, nkhope osasintha, chala chikukanda m'mphepete mwa lichero. Ine ndinkadikira kuti andiyang'ane, koma sanandiyang'ane.

"Mwatha?" anafunsa.

"Sanathe," ndinatero. "Afunseni kuti amake Luckson kumeneko amatchedwa ndani."

Josphat anayang'ana pansi. "Amawadziwa kuti... Dainess Njobvu."

"Ndani?"

"Dainess Njobvu wa ku Msanzala," ndinathandiza. "Wa milomo yofiila. Madalaivala onse a msewu wa Lusaka amamudziwa. Akatenthedwa amavina patebulo. Lina anathyola miyendo iwili."

Lichero linauluka. Nshawa zinamwazika bwalo lonse, nkhuku zinathamangira. Dainess anaimirira ndi mthiko umene sindinaone kumene anautenga.

"Ine? Ine amene sindinalawepo ngakhale thobwa logona? Sophia! Iwe umandiimika kutsogolo kwa amai kuti ndiwelenge vesi, uku dzina langa ukukwela nalo patebulo?"

Sophia anathawa chothamanga, duku linatsala pa mpanda. Josphat anayesa kunena kuti mkwiyo si wa Mulungu, mthiko unamupeza padazi, nayenso anatsata mkazi wake. Anthu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba. Dainess anawauza kuti palibe chimene chachitika, ndi nkhani ya pabanja, abwerere. Dainess sanamuulule mlongo wake kumpingo mpaka lero. Akuti nkhaniyo akuisungira tsiku lina.

Tinatsala awiri. Ndinaima pabwalo ndi chipewa m'manja, ndikudikira mawu amene ndinawadikira zaka ziwiri. Iye anayamba kutola nshawa.

"Mwaonda," anatero.

"Ndimadya zophika ndekha."

"Mukanapepesa tsiku lija sibwenzi mutaonda."

"Ndikanapepesa chiyani, amake Natasha? Mwamva nokha kuti sindinalakwe."

"Pa wigi simunalakwe. Nanga agogo anga munawatukwana aja anavala wigi?"

Ndinaona kuti kupepesa kumene ndinkadikira sikubwera, ndipo kukatalika nkhani wopepesa ndikhala ine. Ndinagwada n'kuyamba kumuthandiza kutola nshawa. Kugwada kumeneko kunali kotola nshawa basi, aliyense amene anaona adziwe zimenezo.

"Katengeni bulangete lanu kwa mlongo wanu," anatero lichero litadzaza. "Koma musanakhale pansi m'nyumba muno, mundipelekeza ku Nyimba. Ndikufuna amai amenewo aone nkhope ya Dainess Njobvu."

Tinapita Lachiwiri lotsatira, aliyense ndi reji yake. Dainess anavala yunifolomu ya amai a mpingo, anaika reji pa buku la amai Miti ngati akuponya khadi lomaliza. Amai Miti anawerenga yake, anawerenga yanga, anavula magalasi, anavalanso. Anapepesa kwa Dainess katatu. Kwa ine anangoti, "Tsono inu aDaka, pepani, aNjobvu, munavinilanji chonchija?" Dainess anandiyang'ana. Nkhani ya kuvina kwanga ndinali ndisanamuuze.

Kanta yobwerera inali itapita, choncho tinagona. Dainess anakana nambala folo, amai Miti anatipatsa nambala thuu. Kubala sanapondeko, anangokhala pabedi manja ali pamiyendo, akumvera sipika ndi nkhope yoipidwa. Koma chakudya chinabwera pathireyi, chophika wina. Mbale anadzatenga wina. M'mawa kunamveka kugogoda, amai Miti akuti madzi osamba ali kale kubafa.

Dainess anakhala tsonga. "Atenthetsa ndani?"

"Eni malo."

"Nkhuni anatola ndani?"

"Sindikudziwa, amake Natasha. Ndi mmene amachitila kuno."

Anakasamba nthawi yaitali, moti ndinayamba kuganiza kuti wagwa. Atabwera anagonanso pabedi, dzuwa lili kale pamwamba, chinthu chimene sindinachionepo pa zaka makumi atatu ndi zinayi.

Tsopano ndili m'nyumba yanga. Denga la khitchini ndakonza. Ndimadya zophikidwa bwino, ndipo thupi layamba kubwerera. Koma sabata yatha Dainess anandiuza kuti dzina lake ku Nyimba linaipa kwambiri, ulendo umodzi sungaliyeretse, tiyenera kumapitako mwezi uliwonse kuti anthu azolowere nkhope yeniyeni. Ndinamufunsa kuti mpaka liti. Anati adzandiuza likayera.

Ine sindikumukhulupirira, koma kanta ya Lachisanu ndalankhula nayo kale.